Njinga ya Che Amidu

Anzanga amene tinkadyera mbale imodzi ku Joni amandifunsabe pafoni kuti zinatheka bwanji. Munthu kugula njinga yathunthu, yoyenda bwinobwino, n'kufika nayo kumudzi ili yosakwereka, chonsecho panjira sipanachitike ngozi ndipo palibe wakuba amene anaikhudza. Ndimangowayankha kuti netiweki ikuvuta. Koma poti kwa Katuli nkhaniyi akuidziwa ndi ana omwe, ndipo aliyense akuifotokoza mothira mchere wake, bola ndiinene ndekha mwini manyazi.

Ndiyambe ndi chimene ndinkafuna. Ine ndinakwatira kwa Katuli, ndipo potsata mwambo ndinakakhala kwawo kwa mkazi wanga Asiyatu. Inu amene simunalaweko chikamwini, thokozani Mulungu. Nyumba umamanga ndiwe koma malo ndi a eni. Munda umalima ndiwe, koma nkhokwe ikadzaza anthu amayamikira makolo a mkazi kuti anasiya nthaka yabwino. Ngakhale tambala amene wagula wekha amakuyang'ana ngati wabwera dzulo. Choncho nditatsuka magalimoto a eni ku Joni kwa zaka zingapo, ndinagula kapuloti ku Mangochi Boma, n'kutuma ankhoswe anga kuti akapemphe chitengwa, andilole kumutenga Asiyatu tikakhale patokha. Asiyatu naye anali atatopa ndi mtunda wa kuchitsime. Ndikamuimbira, asanafunse n'komwe za moyo wanga, ankayamba wafunsa ngati mpopi uli pafupi ndi puloti.

Mwini mawu pa nkhani ngati imeneyi ndi malume a mkazi, ndipo malume a Asiyatu ndi Che Amidu, bambo wochepa thupi, wofatsa pakamwa, amene akafuna kukubaya amayamba wakudalitsa. Ankhoswe atawafikira, iwo sanakane. Anangoti, "Mashallah, nkhani yabwino imeneyo. Akadzabwera akamwini tidzakhala pansi. Koma mukawauze kuti miyendo yanga yatopa, ndipo njinga yangayi yakalamba kuposa mwini wake. Anzawo ochokera ku Joni amakumbuka akuluakulu." Munthu wa kwathu safuna womasulira pa mawu oterowo.

Ndinaigula njingayo. Yakuda, ya magiya ambirimbiri, ya kaliyala yolimba, chishalo chofewa ngati buledi wa lero. Ndinaijambula n'kutumiza chithunzi kwa Asiyatu, ndipo chithunzicho chinayenda mudzi wonse mpaka kumzikiti.

Apa m'pamene satana anandinong'oneza za ndege. Anzanga onse amabwerera pa basi, katundu ali m'ngolo kumbuyo, n'kufika miyendo itatupa koma zinthu zili zonse. Ine ndinati ayi. Kwathu kuno munthu ukanena kuti wabwera pa ndege kuchokera ku Joni, funso loyamba limakhala lakuti, "Pepani, anakugwirani liti?" chifukwa amene timawadziwa kuti anakwerapo ndege ndi aja obwezedwa ndi boma, ofika ndi kajumbo kamodzi m'manja. Ine ndinkafuna kukhala mkamwini woyamba wa kwa Katuli kukwera ndege ndi tikiti yogula yekha (ndipo ndinkafuna Che Amidu amve zimenezo asanakhale pamphasa).

Za kayendedwe ka njinga sindinafunse munthu. Ndifunsirenji? Ndisanapite ku Joni ndinkachita geni ya usipa wouma, ndipo njinga yanga yakale inakwera sitima ya pamtunda kuchokera ku Liwonde kupita ku Nayuchi kambirimbiri. Pa sitima njinga ndi munthu ngati iwe. Umafika nayo dengu lili pakaliyala, anthu awiri amagwira uku, wina uku, "Tiyeni nayo!" basi yakwera. Ukafika umaitsitsa, kukwerapo, ulendo. Ine m'mutu mwanga ndege inali sitima yomweyo, kungoti inapitako kusukulu.

Ndiye tsiku la ulendo ndinavala shati yoyera ndi nsapato zosongoka, n'kumanga zikwama zanga pakaliyala ndi malegeni, mphira zija timadula ku chubu chakutha. Kumanga katundu ndi malegeni ndiye luso langa, ndisaname. Ndikakoka mphira n'kukulunga, dengu la usipa linkadutsa mabampu onse a msewu wa kwa Katuli osagwedera. Mnzanga wina ananditula pabwalo la ndege ndi kagalimoto ka katundu ka abwana ake, ndipo ine ndinalowa pakhomo lagalasi lotseguka lokha ndikukankha njinga yanga, mutu uli m'mwamba. Pamene panali anthu ambiri ndinaliza belu kuti andipatse njira.

Mayi wa pakauntala anayang'ana pasipoti, anayang'ana ine, kenako anaimirira kuti aone bwino chimene chinali pambali panga.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Njinga."

"Ndikuona kuti ndi njinga. Ikupita kuti?"

"Kumene ndikupita ine. Ingondionetsani khomo la katundu, ndikakweza ndekha, sindivutitsa munthu."

Mayiyo anaitana mnzake. Mnzakeyo anaitana wina wovala tayi. Onse atatu anaizungulira njinga ya Che Amidu mwachisoni, ndipo wa tayi uja anandifotokozera pang'onopang'ono, monga amachitira ndi munthu amene akumukayikira mutu, kuti njinga sikwera ndege ili chiimire. Iyenera kulowa m'katoni, matayala ataphwetsedwa, mapedulo atachotsedwa, mahandulo atatembenuzidwa. Ndinamuuza kuti pa sitima sitichita zimenezo. Anandiyankha mwaulemu kuti ngati ndikudziwa sitima yopita ku Malawi, iye sandiletsa.

Katoni inapezeka kwa anyamata okulunga zikwama ndi pulasitiki, koma inali ya njinga yaing'ono. Mwamwayi (panthawiyo ndinkati mwayi) ndinali nditagula masipanala ndi pampu kuti ndikapereke pamodzi ndi njinga, mphatso ikhale yokwanira. Ndinakhala pansi pakati pa bwalo la ndege la eni, pa simenti yonyezimira yoti ungadyerepo, n'kuyamba ntchito. Ndinachotsa mapedulo, sinalowe. Ndinachotsa wilo la kutsogolo, sinalowe. La kumbuyo, chishalo, kaliyala, tcheni, kachipangizo kosinthira magiya, zonse pansi. Mkwiyo utandikwera ndinamasula ndi ma ekiselo omwe, mpaka timipira tachitsulo tija timakhala pakati pa wilo tinakhuthukira m'manja mwanga. Shati yoyera ija inali itasanduka ya makanika. Azungu ena anaima n'kumandijambula, mwina ankayesa ndi chionetsero cholandirira alendo.

Pomaliza zikuluzikulu zonse zinalowa. Katoni inamatidwa, inakwera sikelo, inapita pa lamba. Pansi panatsala tizing'onoting'ono: manati, mabawuti, ma ekiselo, tcheni, mapedulo, timipira tija, ndi masipanala. Tsono lamulo la pa sitima limene munthu aliyense wa geni amalidziwa ndi lakuti katundu wamkulu amadzilondera yekha, koma kanthu kakang'ono kofunika sukasiya kutali ndi thupi lako. Ndinazikulunga zonse m'thawulo, n'kutenga malegeni onse amene ndinamasula pakaliyala, kukoka, kukulunga, kukokanso, mpaka mtolo unalimba ngati mwala. Ndinauponya m'chikwama cha m'manja, mtima uli m'malo.

Pamakina oyang'ana m'zikwama, chikwama changa chinalowa, chinabwerera, chinalowanso. Mlonda wamkulu thupi anachitengera pambali, anatulutsa mtolo uja n'kuuika patebulo mosamala kwambiri. Anzake awiri anayandikira, manja ali m'chiuno.

"Muli chiyani umu?"

"Zamkati mwa njinga."

"Masulani."

Ndinayesa. Koma zala zinali zoterera ndi girisi, ndipo mfundo ndinali nditazibisa pansi pa mphira zinzake monga ndimachitira nthawi zonse. Mlondayo anayesa ndi zikhadabo, analephera. Anandifunsa kuti anamanga ndani, ndipo ine, chitsiru, ndinayankha monyadira kuti ndine. Kenako ndinaona akutulutsa lumo m'kabati.

"Bwana, musadule!" ndinakuwa. "Mphira imeneyo ndi yokoka!"

Anadula.

Abale, amene munaonapo legeni lokokedwa mpaka mapeto likudulidwa mukudziwa chimene chinachitika. Linalira kuti thwaa! n'kumukwapula mlondayo pachibwano. Linzake linatsatira lokha. Thawulo linatambasuka, manati anauluka, tcheni chinakagwera m'thireyi ya mayi wina pamwamba pa foni yake, ndipo timipira tachitsulo tinamwazika pa simenti yoterera ija kulowera mbali zonse. Anthu anagwada, ena anabisala kuseri kwa makina. Bambo wina wa jekete, atanyamula nsapato m'manja, anaponda timipira titatu ndipo anakhala pansi mosakonzekera. Ine ndinali chokwawa, kuthamangitsa nati imodzi imene inkalowera kunsi kwa makina, uku ndikupepesa miyendo ya anthu.

Sanandimange, ndipo mpaka lero sindidziwa chifukwa chake. Mlonda uja, akusisita chibwano, anati masipanala, tcheni ndi zitsulo zosongoka sizilowa m'ndege. Wosesa anabwera n'kukokolola zonse, zoletsedwa ndi zosaletsedwa zomwe, kukathira m'bini. Nditati nditsegule pakamwa, ndinamva dzina langa likutchulidwa molakwika pa zokuzira mawu, akuti ndege ikudikira ine ndekha. Ndinathamanga. Ulendo wonse wa m'mwamba, umene ndinaulota zaka, ndinautha nditapinda manja m'khwapa kubisa girisi, mayi amene ndinakhala naye pafupi atatsamira kuwindo ngati ndili ndi mphere. Chithunzi sindinajambule ngakhale chimodzi.

Komabe potsika pa Chileka ndinadzilimbitsa mtima. Mafupa a njinga analipo, mawilo analipo. Ndinati ndikafika ku Limbe ndikapeza wokonza njinga, tikasakasaka tizitsulo tosowato, ndipo kwa Katuli ndikalowa nditakwera, palibe adzadziwe kanthu.

Sindinadziwe kuti akumudzi anali atandikonzera wondiperekeza. Foni itangogwira netiweki, Asiyatu anandiuza mosangalala kuti mayi ake aakulu, Abiti Bwanali, amene amachita geni ya kaunjika ku Limbe, akupitanso kumudzi kukakhala nawo pa nkhani ya chitengwa, ndipo akundidikira kuti tikwere limodzi sitima ya m'mawa mwake mpaka ku Liwonde, chifukwa ali ndi mabelo awiri oti ndiwathandize kunyamula.

Tsono mayi aakulu a mkazi wako ndi apongozi enieni. Suwayang'ana kumaso. Sudya iwo akuona. Polankhula nawo umanjuta, maso ali kumbali, mawu ochepa. Ndipo Abiti Bwanali si munthu wochepa, kaya m'mawu kaya m'thupi. Ndinawapeza pasiteshoni atakhala pa belo, ndinanjuta chapatali, tinalonjerana. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Nanga njinga ya achimwene ija ili kuti, akamwini?"

Ndikanangonena zoona. Ndikanati, amayi, njinga ili m'katonimu, yadwala pang'ono. Koma ndinaganiza za foni yawo imene inali kale m'manja, ndi mmene nkhani ikanafikira kwa Katuli sitima isananyamuke n'komwe.

"Ikubwera, amayi. Za pandege zimakhala ndi dongosolo lake. Tikaipeza ku Boma."

"Oho. Nanga chikatoni ichi?"

"Ndi tebulo, amayi. Lopinda."

"Mashallah. Asiyatu adyera patebulo."

Sitima itafika ndinaona zimene zinandiwawa mtima. Anthu ankakweza njinga zawo m'bogi ya katundu zili zathunthu, zina ndi matumba a makala, ina ndi mbuzi yomangidwa pakaliyala ikulira. Palibe anafunsidwa kuti aphwetse tayala. Wothandiza kukweza anandiuza kuti katoni yanga ipitenso komweko, ine ndinakana kwamtuwagalu. Katundu wotsika m'ndege agone pamodzi ndi makala ndi mbuzi? Ndinalimbana nayo mpaka inalowa m'bogi ya anthu.

M'katimo munali modzaza moti mwendo ukaukweza sunkapezanso pouponda. Mipando yonse inali ndi eni. Mabelo awiri a Abiti Bwanali tinawaika pansi pafupi ndi khomo, motalikirana pang'ono, ndipo katoni yanga, posowa poiimika, anthu anaigoneka pamwamba pa mabelowo, mbali iyi pa belo ili, mbali iyo pa belo linalo, pakati pali mphako. Ndisanaganize kanthu, apongozi anga anayang'ana uku ndi uku, anakonza chitenje, n'kunena kuti, "Tebulo ndi thabwa basi." Ndipo anakhala pakatikati penipeni.

Ndinamva kuti thi! Imeneyo inali sipoko yoyamba.

Tandiuzani inu anzeru, ndikanatani? Mkamwini angauze apongozi ake kuti dzukani? Pagulu? Ndipo akafunsa chifukwa, ndinene kuti tebulo lija ndi njinga, ndinakunamizani pasiteshoni? Ndinaima chapomwepo nditagwira chitsulo, nkhope nditalozetsa kuwindo mwaulemu. Sitima ikagwedezeka, m'katoni munkayankha. Thi! Pakapita kanthawi, thi!

"Matebulo a ku Joni amaimba," anatero Abiti Bwanali kuuza mayi wina amene anaima pafupi ndi mwana kumsana. "Bwerani mukhale apa, mayi, malo alipo. Ndi la akamwini anga ili, abwera nalo pa ndege."

Mayiyo anathokoza n'kukhala. Katoni inatsika pakati.

Cha ku Lirangwe bambo wina anatsika, mpando unapezeka. Ndinanjuta mwachangu pakati pa miyendo ya anthu. "Amayi, mpando wapezeka uko, wa wofowofo."

"Ayi, bambo, khalani ndinu, mwachokera kutali. Ine pano ndakhazikika. Likuchita kunditsatira thupi tebulo limeneli."

Linkawatsatiradi.

Njala nayo inali pamenepo. Pa siteshoni iliyonse azimayi ankabwera m'mawindo ndi nthochi, mbatata yootcha, chimanga, mandasi. Apongozi ankagula n'kumadya ndi mnzawo uja, makoko akuwunjika pakona ya katoni. Anandipatsirako nthochi ziwiri, ndinalandira ndi manja awiri n'kuziika m'thumba la buluku, poti sindikanadya pamaso pawo. Pofika pa Nkaya nthochizo zinali zitaphwanyika ndi kukankhana, ndipo buluku linagwirizana ndi shati. Nthawi yonseyi ndinkawerenga m'mtima kulira kwa masipoko, mpaka ndinasiya chifukwa kunayamba kumveka kulira kwina kokulirapo, kwa chitsulo chimene chikugonja.

Pa Liwonde tinatsika. Anzanga a makala aja anatsitsa njinga zawo, kukwerapo, n'kumapita akuimba mluzu. Ine ndinasenza katoni yopindika ngati bwato kupita nayo kokwerera minibasi.

Chiyembekezo changa chomaliza chinali pa Boma. Titafika ndinanjutanso. "Amayi, inu tsogolani. Ine nditsale ndilandire njinga ija, ndibwera mawa."

"Mawa? Anthu aphika kale, akamwini. Achimwene aitana ndi a shehe omwe. Njingayo muwauze a ndegewo aitumize pa matola, dzina la Che Amidu palibe dalaivala wosalidziwa. Nyamulani tebulo."

Ndinanyamula tebulo.

Tinafika kwa Katuli dzuwa litapendeka, titakhala pamwamba pa matumba a feteleza m'kalole. Mudzi wonse unali pabwalo la Che Amidu. Azimayi analulutira, ana anathamangira galimoto. Asiyatu anaima pakhonde atavala chitenje chatsopano, akumwetulira mobisa. Ankhoswe anga anali pamphasa. Ndipo pakati pa onse panali Che Amidu, atavala mkanjo woyera umene anaukwinyira m'chiuno, miyendo ya buluku ataimanga ndi tizingwe pa akakolo kuti isakodwe m'tcheni. Munthu anali atakonzeka kukwera.

Titalonjerana, madzi akumwa atadutsa, Che Amidu anayang'ana kumsewu kumene kalole kanalowera.

"Akamwini, kapena ikubwera pambuyo?"

"Akuti a ndege aitumiza," anayankha Abiti Bwanali. "Koma abweretsa tebulo labwino zedi. Ine ndalikhalira kuchokera ku Limbe mpaka ku Liwonde, msana osapweteka. Tatsegulani, anthu alione."

Ndinayang'ana ankhoswe anga. Ndinayang'ana kumwamba. Kunalibe kothawira. Ndinagwada pakati pa bwalo n'kunena ndi mawu a munthu wodwala kuti, "Malume, njinga ija ndi imeneyi."

Wina anabweretsa mpeni, tinang'amba katoni, ndipo ndinayamba kutulutsa chimodzichimodzi n'kumayala pamphasa. Mafupa a njinga, atakalikakalika. Mahandulo. Chishalo. Kaliyala yopindikira m'kati. Pomaliza mawilo awiri, amene sanalinso ozungulira, masipoko ali nyankhalala mbali zonse.

"Tebulo lija?" anafunsa Abiti Bwanali, dzanja lili pakamwa. Kenako anatembenukira kwa azimayi anzawo. "Wallahi, ine ndimamva kulira. Ndimati ndi mmene amakhalira."

Che Amidu sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Anatola wilo limodzi, analiyang'ana mbali iyi ndi iyo, analiimika pansi n'kulikankha pang'ono. Linayenda mokhotakhota, linazungulira, n'kudzagwa pamapazi a shehe.

"Tcheni chili kuti?"

"Chinatsala ku bwalo la ndege, malume."

"Mapedulo?"

"Komweko."

"Manati?"

"Ena ali kunsi kwa makina."

Anagwedeza mutu ngati akumva nkhani ya maliro a kutali. Anawerama, anamasula tizingwe ta pa akakolo paja mosafulumira, anatsitsa mkanjo wawo, n'kukhala pampando. Apa m'pamene wina anandinong'oneza kuti njinga yawo yakale anali ataipereka kale kwa mphunzitsi wa madrasa, pamaso pa anthu, tsiku limene chithunzi changa chinafika.

"Akamwini," anayamba motero, mawu ali ofewa. "Mulungu akudalitseni, mwayenda ulendo wautali ndipo mwatikumbuka. Njinga iyi tinaiona pachithunzi. Inali yathunthu. Mwaitenga kwa eni ake ili yamoyo, mwakhala nayo panjira masiku osakwana ndi sabata, mwafika nayo chonchi. Tsono ankhoswe anu akuti tikupatseni mwana wathu mupite naye ku Boma, kumene ife sitikuonani." Anayang'ana zidutswa zija pamphasa. "Tsiku lodzatibwezera, adzabwera m'makatoni angati?"

Anthu anayesa kudzigwira, koma shehe ndi amene anayamba, ndipo bwalo lonse linaphulika. Ankhoswe anga omwe, anthu amene ndinawagulira majekete, ankapukuta misozi. Mmodzi yekha sanaseke. Asiyatu analowa m'nyumba, anavula chitenje chatsopano chija, anatuluka ndi chakale, n'kudutsa pakati pa anthu osandiyang'ana. Pa zonse zimene zinandichitikira pa ulendowu, chimenecho ndiye chinandipweteka, ndipo chimandipwetekabe.

Chigamulo chinali chakuti nkhani ya chitengwa idikire kaye mpaka akuluakulu ataona kuti mkamwini wakhwima. Njinga tinaipititsa kwa okonza onse a pamsika, ndipo aliyense ankaiyang'ana n'kunena kuti tizitsulo ta mtundu umenewu kuno kulibe, mwina ku Joni. Mafupa ake ali pakhonde la Che Amidu, amayanikapo msala wopempherera.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti ndinaphunzirapo kufunsa, kapena kusanama kwa apongozi. Asiyatu amatero. Ine ndikaganiza mofatsa ndimaonabe kuti kamangidwe kanga kanalibe vuto, wolakwa anali wa lumo uja.

Chimene sindingatsutse ndi chakuti ndinawasiya malume opanda miyendo. Ndiye Lachisanu lililonse ndimapita kwa mphunzitsi wa madrasa kukabwereka njinga yakale ija, yopanda mabuleki a kutsogolo, n'kudzaima pakhomo pa Che Amidu kuti ndiwapalase kupita kumzikiti, mtunda wonse uja wa zitunda. Amatuluka atavala mkanjo wawo, amakhala pakaliyala mwachifumu, amadikira mpaka anthu apanjira achuluke. Akatero amandigwira paphewa n'kunena mokweza kuti aliyense amve:

"Tiyeni, a pandege. Koma ine mukandifikitse wathunthu, musandimasule panjira."